Musadule Tsitsi la Mabatani

Uyu ndi Tsabola. Si dzina lake lenileni. Ndi dzina la kunyumba. Anamupatsa ndi achimwene ake. Akuti ndi wamng'ono koma ndi wowawa.

Tsabola ali ndi chidole chimodzi. Dzina lake ndi Mabatani. Maso ake ndi mabatani awiri. Lina ndi lakuda. Lina ndi lobiriwira. Tsitsi lake ndi la ulusi wa juzi. Ndi lalitali. Limafika m'chiuno.

Tsabola amaluka tsitsi limeneli tsiku lililonse. Amaluka mbali iyi. Amaluka mbali iyo. Tsabola safuna zambiri. Amangofuna kuti anthu asamagwire Mabatani wake.

Tsiku lina Tsabola anabwera kuchokera kosewera. Anapita pabedi. Mabatani panalibe. Anakweza pilo. Panalibe. Anasuzumira kunsi kwa bedi. Kunali fumbi ndi nsapato imodzi.

Anathamangira kwa amayi. Amayi ankasita madiresi oyera a angelo.

"Amayi, Mabatani ali kuti?"

Amayi sanadzutse mutu.

"Chidole chija? Ndapereka kutchalitchi."

"Kutchalitchi?"

"Eya. Akufuna cha sewero la Khirisimasi. Chikhala mwana Yesu. Chidole chawo chinadyedwa ndi makoswe."

"Munandifunsa?"

"Ndikufunse chiyani? Ndi chidole chabe, mwanawe. Uzinyada."

Tsabola sananyade. Tsabola anakwiya. Makutu ake anatentha. M'mimba munatentha. Ngakhale zala zakuphazi zinakwiya.

Kodi inu simukanakwiya? Ine ndikanakwiya.

Tsabola anayenda mwamphamvu. Di, di, di. Anakhala pampando mwamphamvu. Anapinda manja. Anatupa masaya.

Amayi anamupatsa tiyi. Tsabola sanamwe. Anamupatsa buledi. Tsabola sanadye. Buledi sanalakwe kanthu, koma naye anakwiyiridwa.

Achimwene analowa. Anamuyang'ana. Anaseka.

"Taonani mlomo uwo. Tingapachikepo malaya."

"Ndisiyeni, achimwene."

"Wakulakwira ndani, Tsabola?"

"Aliyense," anatero Tsabola.

Loweruka ana anapita kutchalitchi. Anapita kukayeserera sewero. Aliyense anali ndi mbali yake. Achimwene anali woweta nkhosa. Anali ndi ndevu za thonje. Tsabola anali wonyamula nyenyezi. Nyenyezi inali ya katoni. Anaimangirira ku ndodo yaitali.

Kutsogolo kunali bokosi. M'bokosi munali udzu. Limenelo ndilo linali modyera ng'ombe.

Tsabola anasuzumira. Mabatani anali momwemo. Anali atamuvula diresi. Udzu unali m'tsitsi lake. Palibe ndi mmodzi yemwe anamufunditsa.

Tsabola anakukuta mano.

Aphunzitsi a Sande sukulu anawomba m'manja. Anali mayi wachangu. Anali ndi ana ambiri, koma manja awiri okha.

"Tiyambe," anatero. "Mariya, nyamula mwana."

Wochita Mariya anali kamtsikana kakang'ono. Mano akutsogolo kanalibe. Kanaweramira m'bokosi. Kanagwira Mabatani mwendo. Kanamukweza. Mutu pansi, miyendo m'mwamba.

"Samanyamula choncho," anatero Tsabola.

"Tsabola, nyenyezi siyankhula," anatero aphunzitsi.

Wochita Yosefe anatopa kuima. Anatsamira ndodo yake. Ndodo inaponda tsitsi la Mabatani.

"Chotsa ndodo yako."

"Tsabola, ndati nyenyezi siyankhula."

"Iyi imayankhula," anatero Tsabola.

Ana onse anaseka. Nkhosa zinaseka. Angelo anaseka. Tsabola yekha sanaseke.

Kenako aphunzitsi anatenga Mabatani. Anamuyang'ana kutsogolo. Anamuyang'ana kumbuyo. Anakoka tsitsi lake pang'ono.

"Tsitsi ili lachuluka," anatero. "Khanda silibadwa ndi tsitsi loluka. Tidula."

Tsabola anagwiritsitsa ndodo ya nyenyezi.

Aphunzitsi anafunafuna m'chikwama. "Sizasi ndaiwala. Ndibwera nayo tsiku la sewero."

"Aphunzitsi, musadule," anatero Tsabola.

Koma mfumu ina inataya chisoti chake. Mngelo wina analira. Aphunzitsi sanamve. Anaika Mabatani m'kabati. Anatseka. Anakhoma ndi kiyi.

Ana atatuluka, Tsabola anatsala. Anapita pakabati. Anaika pakamwa pa bowo la kiyi.

"Mabatani, ndine. Usaope. Sadula."

Kabati sanayankhe. Tsabola anamenya kabati ndi phazi. Chala chinamupweteka. Anakwiyiratu.

Kunyumba, amayi ankasoka mapiko a angelo.

"Amayi, akufuna kudula tsitsi la Mabatani."

"Dikira, ndili ndi singano pakamwa."

Tsabola anadikira. Singano inachoka pakamwa.

"Amayi, akufuna kudula tsitsi."

"Tikambirana, mwanawe. Tandipatsa ulusi uwo."

Tsabola anawapatsa ulusi. Sanakambirane.

Anapita kwa achimwene.

"Achimwene, akufuna kudula tsitsi la Mabatani."

"Ndiye ukudandaula chiyani? Tsitsi limameranso."

"La ulusi silimera."

Achimwene anaganiza. "Zoona. Ndiye akhala ndi dazi ngati amalume."

Tsabola anawaponyera pilo. Pilo anaphonya.

Lamulungu anapita kwa aphunzitsi. Anawakoka mkono pang'ono.

"Aphunzitsi, ndili ndi mawu."

"Pambuyo pake, Tsabola. Ngamila yathyoka mwendo."

Aphunzitsi anathamanga kukamata ngamila ya katoni. Ngamila inali ndi wina woimvera. Tsabola analibe.

Dikira. Tikambirana. Pambuyo pake. Akuluakulu amawakonda mawu amenewa. Tsabola anawada onse.

Masana anakhala kuseri kwa chitseko. Anatseka maso. Anapemphera.

"Mulungu, ndine Tsabola. Ndakwiya. Ndakwiyira amayi. Ndakwiyira aphunzitsi. Ndakwiyira makoswe. Inu sindinakukwiyireni. Koma chitanipo kanthu. Ameni."

Anatsegula maso. Anali akadali wokwiya.

Khirisimasi inafika. M'tchalitchi munadzaza anthu. Mabenchi onse anadzaza. Ena anaima kukhomo.

Ana anali m'kachipinda ka kuseri. Munali phokoso. Angelo ankavala mapiko. Nkhosa zinkavala makutu. Mafumu ankalimbirana galasi.

Tsabola anaima pakona. Anagwira nyenyezi yake. Sankayang'ana angelo. Sankayang'ana nkhosa. Ankayang'ana kabati.

Aphunzitsi anatsegula kabati. Anatulutsa Mabatani. Anamugoneka patebulo. Anatsegula chikwama. Anatulutsa sizasi. Inali yaikulu. Inali yonyezimira.

Anadula chingwe cha mngelo wina. Tcheke. Anadula ndevu za achimwene. Tcheke. Kenako anagwira tsitsi la Mabatani.

Sizasi inayasama.

"Ayi!"

Nyenyezi inagwa pansi. Tsabola analumpha. Anatsomphola Mabatani. Analowa kunsi kwa tebulo. Anamukumbatira ndi manja onse awiri.

Ana onse anatembenuka.

"Tsabola, tuluka," anatero aphunzitsi.

"Sindituluka."

"Bweretsa chidolecho."

"Sindibweretsa."

Belu linalira. M'tchalitchi anthu anayamba kuimba. Nthawi ya sewero inali itakwana.

Tsopano aphunzitsi nawo anakwiya. Anagwira m'chiuno.

"Mwana iwe, anthu akudikira. Ukufuna kutichititsa manyazi?"

"Ndi wanga," anatero Tsabola.

Mngelo wina anakwawa kuti amukoke. Tsabola anamuyang'ana ndi diso limodzi. Mngelo anabwerera chammbuyo.

Achimwene anasiya kuseka. Anathamanga kukaitana amayi. Ndevu zinagwa panjira.

Amayi anabwera. Anavala diresi lawo labwino. Anavala nsapato zazitali. Nkhope yawo inali yolimba.

"Ali kuti?"

Ana onse analoza kunsi kwa tebulo.

Amayi anawerama. "Tsabola, tuluka msanga. Zimenezi ndi zotani?"

Tsabola sanatuluke. Misozi inatsika. Inali misozi yotentha.

"Simunandifunse," anatero.

"Ukuti chiyani?"

"Simunandifunse. Munangomutenga. Ndinakuuzani za tsitsi. Munati dikira. Ndinadikira. Munati tikambirana. Sitinakambirane. Aphunzitsi anati pambuyo pake. Pambuyo pake ndi sizasi."

Amayi anasendera pafupi.

"Tsitsi ili ndimaluka ndine," anatero Tsabola. "Tsiku lililonse. Akadula, silimeranso."

Amayi anayang'ana Mabatani. Anayang'ana tsitsi. Linali lolukidwa bwino. Timfundo tonse tinali tolingana. Amayi anali asanaliyang'anepo bwinobwino.

Amayi anagwada. Anavula nsapato zazitali. Anakwawa. Analowa kunsi kwa tebulo. Mutu unagunda thabwa. Sanadandaule.

Ana anatong'ola maso. Anali asanaonepo mayi wamkulu kunsi kwa tebulo.

"Mwanawe," anatero amayi. "Ndinalakwa. Mabatani si wanga. Ndinapereka chinthu cha mwini. Pepa."

Tsabola anafwenthera. "Ndikadali wokwiya."

"Ndikudziwa. Kwiya. Ine ndikhala pano."

Anakhala awiri kunsi kwa tebulo. M'tchalitchi nyimbo inatha. Anthu anaiyambanso.

Amayi anatulutsa mutu.

"Aphunzitsi, pepani. Chidole ichi si changa. Mwini wake ndi uyu. Akakana, tipita nacho kunyumba."

Aphunzitsi anayang'ana sizasi m'manja mwawo. Anayang'ana Tsabola. Anapuma mozama.

Kenako nawo anagwada. Maondo awo analira.

"Tsabola, nanenso sindinakumvere. Ndinali ndi changu. Pepa." Anatsitsa mawu. "Tilibe mwana wa m'sewero. Ungatibwereke Mabatani?"

Tsabola sanayankhe msanga. Anali atadikira kwambiri. Nawo adikireko.

Pakhomo wina ankalira motsitsa. Anali Mariya uja wopanda mano. Anavala nsalu ya buluu. Manja ake anali opanda kanthu.

"Ndituluka ndi chiyani?" anafunsa. "Agogo anga abwera kudzandiona."

Tsabola anamuyang'ana. Anayang'ana Mabatani. Anapukuta mphuno ndi mkono.

"Sizasi ibwerere m'chikwama," anatero.

Aphunzitsi anaika sizasi m'chikwama.

"Mutseke chikwamacho."

Aphunzitsi anatseka chikwama.

"Mabatani asalowenso m'kabati. Apita nane kunyumba lero."

"Apita nawe lero," anatero aphunzitsi.

"Ndipo ndimukulunga ndine."

Tsabola anatuluka. Amayi anatuluka pambuyo pake. Diresi labwino linali ndi fumbi m'maondo.

Aphunzitsi anabweretsa nsalu yoyera. Tsabola anaiyala patebulo. Anachotsa udzu m'tsitsi la Mabatani. Anapinda tsitsi kumsana. Anakulunga mutu. Anakulunga mapewa. Anakulunga miyendo. Nkhope yokha inatsala kunja.

"Onani," anatero Tsabola. "Panafunika sizasi apa?"

"Sipanafunike," anatero aphunzitsi.

Tsabola anaitana Mariya.

"Bwera. Tambasula manja. Ayi, osati choncho. Dzanja ili kumutu. Dzanja ili kumsana."

Mariya anachita momwemo.

"Osagwira mwendo."

"Sindigwira."

"Osamugwetsa."

"Sindimugwetsa."

"Ndikhala ndikukuona," anatero Tsabola. Anatola nyenyezi yake. Nsonga imodzi inali itapindika. Anaiwongola ndi chala.

Ana analowa m'tchalitchi. Anthu anasiya kuimba. Anali ataimba nyimbo ija mpaka kutopa nayo.

Mngelo analankhula. Oweta nkhosa anagwa pansi ndi mantha. Achimwene anagwa bwino kuposa onse. Mafumu anabwera ndi ngamila yawo yomata.

Tsabola anaima kumbuyo kwa bokosi la udzu. Anakweza nyenyezi. Nkhope yake inali ikadali yokwinya. Anthu ena ananong'onezana. Anali asanaonepo nyenyezi yaukali chotere.

Mariya anakhala pampando. Dzanja lina kumutu. Dzanja lina kumsana. Anagwira bwino. Anagwedeza mwana pang'onopang'ono.

Kenako nsalu inamasuka. Tsitsi lina linatuluka. Linalendewera m'mbali.

Mnyamata wina pabenchi yakutsogolo anaseka. Tsabola anamuyang'ana. Mnyamata anameza kuseka kwake.

Mariya anaona tsitsi lija. Sanalikoke. Analisisita ndi zala ziwiri. Analibwezera m'nsalu. Anapsompsona Mabatani pachipumi.

Tsabola anaona. Masaya ake anaphwa pang'ono. Anakweza nyenyezi m'mwamba kwambiri.

Ana onse anaimba. Nkhosa zinaimba. Angelo anaimba. Mafumu anaimba. Pakati pa nyimbo, Tsabola naye anayamba kuimba. Aphunzitsi anamva. Anagwedeza mutu.

Sewero linatha. Anthu anawomba m'manja. Agogo ake a Mariya anawomba kuposa onse.

Mariya anabwera kwa Tsabola. Anabwera pang'onopang'ono. Anapereka Mabatani ndi manja awiri.

"Zikomo. Sindinamugwetse."

"Ndinaona," anatero Tsabola. "Unanyamula bwino."

Kunyumba, Tsabola anakhala pamkeka. Anamasula nsalu yoyera. Tsitsi la Mabatani linali litasokonekera. Koma linali lonse. Palibe ulusi ndi umodzi womwe unasowa.

Achimwene anasuzumira. "Dazi lapulumuka," anatero.

"Chokani, achimwene." Koma Tsabola anaseka.

Amayi anabwera. Anakhala pansi pafupi naye. Anatambasula dzanja. Kenako analibweza.

"Ndingakuthandize kuluka?"

Tsabola anaganiza. Anaganiza ndithu.

"Mbali imodzi yokha," anatero.

Tsabola analuka mbali iyi. Amayi analuka mbali iyo. Achimwene anagwira miyendo kuti Mabatani asagwe. Koma anayamba apempha kaye kwa Tsabola.

Mbali ya amayi inatuluka yokhota.

"Yakhota," anatero Tsabola.

"Ndimasule?"

Tsabola anayang'ana tsitsi lokhota. Anayang'ana amayi. M'mimba munali mutazizira. Makutu anali atazizira. Mkwiyo unali utatha.

"Ayi, musamasule," anatero. "Likhale choncho."

Anaika Mabatani pamiyendo pa amayi. Iye anatsamira paphewa pawo.